Maservo ndi magalamu: kamangidwe ka kandege ka rimoti kosalemera

Kandege kanga koyamba kanakhala m'mwamba masekondi osakwana 20. Tinali pa bwalo la mpira la sukulu ina kuno ku Kasungu, m'mawa wa Loweruka, kunja kuli zii. Mwana wa achemwali anga ndiye anakanyamula kuti akaponye, ndipo ndisanapatse moto anatembenuka n'kundifunsa kuti, “Atsibweni, dzanja latopa kale. Koma kauluka aka?” Anakaponya. Kanayenda mokakamizika, mchira uli pansi, ndipo nditangoti ndikakhotetse, phiko lamanzere linagwera pansi, kenaka kanazika mphuno m'dothi.

Mota inalibe vuto, batire inali yodzaza, rimoti inkamva bwinobwino. Chinakagwetsa chinali mantha anga. Ndinkaopa kuti timaservo ting'onoting'ono, tizipangizo ta mkono togwedeza tizitseko towongolera kandege, tidzalephera m'mwamba, choncho ndinagula akuluakulu a MG996R, olemera magalamu 55 iliyonse, n'kuika awiri kumchira. Mchira utalemera ndinamangirira mabawuti kumphuno. Kandege komwe kanayenera kulemera magalamu 750 kanadutsa kilo ndi magalamu 100, ndipo ineyo sindinkadziwa, chifukwa ndinalibe sikelo.

Kuno ku Kasungu tindege topanda munthu si tachilendo. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeseramo madroni, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu. Chaka chomwecho kandege kotchedwa EcoSoar, kopangidwa ndi a yunivesite ya Virginia Tech koma komangidwa ndi manja a ophunzira a ku Malawi konkuno, kanauluka makilomita 19 kuchokera ku chipatala cha Gogode kukafika pa bwalolo. Thupi lake linali la fomu (pulasitiki yofewa, yopepuka kwambiri) yopyapyala. Achinyamata ambiri amene anaona zimenezi akuyesa kumanga tawo, ndipo ndikaona timene amandibweretsera, vuto limakhala lomwe lija langa. Malangizo awa ndalembera iwowo.

Yambani ndi sikelo

Musanagule servo ngakhale imodzi, pezani sikelo ya m'khitchini, ya manambala, yowerenga galamu imodziimodzi. Kuti mudziwe ngati ikunena zoona, ikanipo mapepala a A4 olembedwa 80 gsm pa paketi. Pepala limodzi limalemera magalamu 5, ndiye 20 ayenera kuonetsa 100.

Ngati sikelo sinapezeke, musaime. Ikani rula pa pensulo, pakati penipeni, ndipo kunsonga zonse ziwiri mangiriraniko timakapu tiwiri tofanana. M'kapu imodzi ikani chinthu mukufuna kuyezacho, m'kapu inayo thirani madzi ndi sirinji mpaka rula itaima mowongoka. Mililita imodzi ya madzi ndi galamu imodzi. Njirayi ndi yochedwa koma pa tinthu ting'onoting'ono monga servo, risiva (kachipangizo kolandira uthenga wa rimoti) ndi mawaya imagwira.

Kenaka gulani kope. Chilichonse cholowa m'kandege chiyambe chakwera pa sikelo, nambala yake ilembedwe. Mudzadabwa kuona kuti servo yolembedwa 9g, ikakhala ndi waya wake, mkono ndi kasikuluu, imafika magalamu 10 kapena 11.

Gawani magalamu ngati ndalama za pamwezi

Phiko ndilo limauza kandege kulemera kwake koyenera. Tiyerekeze ndi kandege kophunzirira, ka phiko lotalika masentimita 120, m'lifupi masentimita 20. Chulukitsani ziwirizo mupeze 2,400, n'kugawa ndi 100. Mwapeza 24, omwe pa mapulani amalembedwa 24 dm² (dm² imodzi ndi malo a masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi). Kandege ka fomu kophunzirira kamauluka mofatsa ngati dm² iliyonse yasenza magalamu apakati pa 25 ndi 35. Ine kuno ndimalunjika pa 30 kapena kuposera pang'ono, ndiye kandege konse, batire ili momo, kasapitirire magalamu 750.

Chifukwa chimene sindiyandikira 35 ndi mpweya wathu. Kasungu ali pamwamba mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Mchinji ndi chimodzimodzi. Pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 pa 100, ndipo masana a mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, kusiyanako kumadutsa 15 pa 100. Phiko limanyamula zochepa, pulopela nayo imakoka zochepa. Pulani imene mwaipeza pa intaneti mwina inayesedwa kufupi ndi nyanja, kunja kukuzizira. Kwathu kuno siikhululuka magalamu owonjezera.

Tsopano chotsani zimene simungazisinthe. Batire ya LiPo ya 3S (ya maselo atatu) 2200 mAh imalemera pafupifupi magalamu 180. Mota ya A2212 ndi pafupifupi 50, pulopela ndi chomangira chake 15, ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota) ya 30A pafupifupi 30, risiva ya FlySky FS-iA6B 15, maservo anayi ang'onoang'ono 40. Zonse pamodzi ndi 330. Zatsala 420, ndipo m'menemo muchoke phiko, thupi, mchira, guluu, tepi, mawaya ndi timitengo tokankhira. Mukadutsa pamenepa mwalowa m'ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa potera.

Kabwezedwe kake ndi aka. Kandege ka magalamu 750 kakafika 1,000, liwiro lochepetsetsa limene kangaulukire limakwera ndi 15 pa 100. Zikumveka zochepa, koma popeza kalemera komanso kathamanga, mphamvu imene kadzagundire pansi imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Chimene chikanakhala kukwinyika kwa mphuno chimasanduka kuthyoka kwa phiko.

Kusankha servo yeniyeniyo

M'kati mwa servo muli kamota, magiya, kachipangizo koyeza pamene mkono wafika, ndi kabodi kowerenga uthenga wa risiva. Ntchito yake ndi kukankha tizitseko ta pa phiko ndi pa mchira: elevator, imene imakweza ndi kutsitsa mphuno, rudder, imene imakhotetsa mchira, ndi maaileron a kunsonga za phiko, amene amapendeketsa kandege.

Pa paketi yang'anani manambala atatu. Yoyamba ndi kulemera. Yachiwiri ndi torque, mphamvu yopotokola, yolembedwa kg.cm. SG90, kaservo kabuluu kodziwika kaja, imalembedwa 1.8 kg.cm pa mavolti 4.8. Tanthauzo lake ndi lakuti pa sentimita imodzi kuchokera pakati pa mkono ingagwire makilo 1.8, pa masentimita 2 ingagwire magalamu 900 okha. Nambalayo ndi ya pamene servo yathera mphamvu osasunthanso, choncho powerengera tengani theka lake. Yachitatu ndi liwiro, monga masekondi 0.1 pa madigiri 60. Pa kandege kophunzirira liwiro lisakuvutitseni mutu, servo iliyonse yamakono ndi yofulumira mokwanira.

Chimene chimalemetsa servo m'mwamba ndi kukula kwa kachitseko ndi liwiro la kandege. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi. N'chifukwa chake kandege kakakulu koyenda pang'onopang'ono kamatha kukhutira ndi servo yomwe ingagonje pa kakang'ono kothamanga kwambiri.

Mmene ndimagawira ine ndi motere. Kandege kosapitirira magalamu 300 ndimakapatsa timaservo ta magalamu 5 kapena kucheperapo. Kuyambira pamenepo mpaka kilo imodzi, ngati ndi ka fomu kofatsa, a magalamu 9 amakwana. Kakadutsa kilo, kapena ngati n'kothamanga, ndimapita pa a magiya achitsulo a magalamu 13 mpaka 20. Akuluakulu ngati Futaba S3003, ya magalamu 37, kapena MG996R ija, ndi a ndege zamatabwa za makilo awiri ndi theka kupita m'tsogolo. Pa kandege ka fomu ka masentimita 120 alibe malo.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi la magiya: apulasitiki kapena achitsulo? MG90S kukula kwake n'kofanana ndi SG90, koma imalemera pafupifupi magalamu 13, ndipo mphamvu zake sizisiyana kwenikweni. Chimene mukugula ndi magalamu 4 owonjezerawo ndi mano osathyoka. M'mwamba mano apulasitiki sathyoka wamba. Amathyoka potera phiko likakoka udzu, kapena panjira, kandege kali pa kaliyala ya njinga rudder n'kugunda chitsa. Ndiye achitsulo ikani pamene pamagundidwa: pa maaileron a kandege kotera ndi mimba, ndi pa rudder ngati yalumikizidwa ndi tayala la kumchira. Pena ponse apulasitiki ndi okwanira. Dziwaninso kuti magiya achitsulo otsika mtengo akakalamba amayamba kugwedera.

Za maservo a digital ndi a analog ndingoti: a digital amagwira molimba, amaliralira ngakhale ali bwino, ndipo amadya magetsi ambiri. Wophunzira sakuwafuna.

Chenjezo limodzi lalikulu pogula. Pali maservo olembedwa 360, opangira maloboti, ooneka ndendende ngati SG90 wamba. Amenewa amazungulira osaima, sadziwa pakati, ndipo m'kandege alibe ntchito. Ine wogulitsa wina ananditumizirapo otere anayi, ndipo ndinadikira milungu ingapo kuti ena abwere. Funsani musanalipire, ndipo itanitsani imodzi kapena awiri apadera, chifukwa kuno servo ikafa simungothamangira kumsika.

Ngati aka n'koyamba, ganizirani zosiya maaileron. Phiko lopindira m'mwamba pang'ono kunsonga zonse ziwiri, ngati chilembo V chophwatalala, limadziwongola lokha, ndipo rudder ndi elevator zimakwana kuliyendetsa. Mwachotsa maservo awiri, mawaya awo aatali, timikono ndi guluu, magalamu 30 kapena 40, komanso mwachepetsa zoti zala zanu ziphunzire.

Iyeseni patebulo

Dzina la SG90 likulembedwa pa maservo a mafakitale ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo ndi feki. Osakhulupirira chikalata chomatidwapo. Lumikizani servo ku risiva: waya wofiirira kapena wakuda ndi negetivu, wofiira wapakati ndi pozitivu, wachikasu, waolenji kapena woyera ndi wa uthenga. Magetsi akhale mavolti 5, osapitirira 6. Mukailumikiza mwachindunji ku LiPo ya 2S (ya maselo awiri), yomwe ikadzaza imafika mavolti 8.4, mwaiwotcha.

Kuyesa koyamba ndi kwa mphamvu. Gwirani servo m'mphepete mwa tebulo mkono uli chopingasa, mangani ulusi wolimba pa kabowo ka masentimita 1.5 kuchokera pakati, n'kupachikapo botolo la madzi la mamililita 500. Katundu ameneyu sakufika theka la 1.8 kg.cm. Servo yabwino imalikweza osadodoma. Ikamanjenjemera kapena kulira ngati mano akudumphana, isalowe m'kandege.

Kuyesa kwachiwiri ndimakukonda kwambiri, chifukwa ndi kumene kumaulula zambiri. Matani kaudzu kowongoka ka masentimita 20 pa mkono wa servo, nsonga yake iloze pa pepala, n'kuchonga ndi pensulo pamene yaima. Kankhirani kandodo ka rimoti kumanzere, siyani. Kankhirani kumanja, siyani. Chitani kakhumi. Nsonga iyenera kubwerera pa chizindikiro chomwecho nthawi zonse. Ikamaima apa lero, apo mawa, kandege kanu kadzakhala kakukwera ndi kutsika kokha, inu n'kumayesa kuti ndi mphepo. Servo imene yapambana zonse pa kuyesaku ipatseni elevator. Rudder ikafa mukhoza kutera, koma elevator ikafa palibe chochita.

Pomaliza iyendetseni mphindi 5 osapumira n'kuikhudza. Kufunda pang'ono si vuto. Ikatentha, ili ndi matenda.

Malo oyika servo

Apa ndi pamene magalamu amabereka ana. Kandege kali ngati mtanda wa sikelo ya pamsika: kamayedzamira pa malo amodzi pansi pa phiko, amene pa mapulani amalembedwa CG. Kuchokera pamenepo, mchira ndi wautali ndipo mphuno ndi yaifupi. Pa kandege kathu aka mchira uli masentimita 60 kumbuyo, pamene mphuno ili masentimita 20 okha kutsogolo. Galamu iliyonse ya kumchira imafuna magalamu 3 kumphuno. Servo ya magalamu 10 mukaiika kumchira, mwawonjezera 40. Awiri a MG90S, magalamu 26, amaitana 78 kutsogolo. Anga aja a magalamu 110 anaitana mabawuti oposa magalamu 300.

Choncho maservo a elevator ndi rudder akhale pansi pa phiko, pa CG kapena kumbuyo kwake pang'ono, ndipo mphamvu ipite kumchira ndi timitengo tokankhira. Musawamate msanga. Yalani zonse pamwamba pa thupi la kandege ndi tepi, batire, ESC, risiva ndi maservo, n'kumasuntha mpaka kataima bwino pa zala. Mukapeza malo ndi pamene mudule mabowo.

Ambiri timathamangira masipoko a njinga, chifukwa amapezeka paliponse. Sipoko imodzi ya mamilimita 2 imalemera pafupifupi magalamu 7, ndipo kuti mufike kumchira ndi timitengo tiwiri mufunika utali wa masipoko anayi, magalamu 28, onse ali kumbuyo kwa CG. Njira yabwino ndi nsungwi youma. Semani kamtengo konenepa mamilimita 3 kapena 4, kunsonga zonse ziwiri ikani kawaya kachitsulo kolimba ka masentimita 6, kulungani ndi ulusi wosokera mothina, n'kudontheza supa guluu pa ulusiwo. Mfundo yotere siisuntha, ndipo kamtengo konse kamalemera magalamu 4 kapena 5. Nsonga ya waya ipindeni ndi pulayazi ngati chilembo Z kuti ikole m'kabowo.

Kamtengo kaatali kamalimba pokoka koma kamapinda pokankha. Kadutsitseni m'kachidutswa ka sitiroo komatidwa pakati pa thupi kuti kasapinde. Ndipo kanyanga ka elevator, kaja kolandira waya, kaikeni pamwamba pa elevator, kuti pokweza mphuno servo izikoka. Nthawi imene mudzafune elevator ndi mtima wonse ndi pamene kandege kalunjika pansi pa liwiro, ndipo pamenepo kamtengo sikayenera kupinda.

Tinyangati ndimadula pa kakhadi kotsala mukachotsa SIM. Timabowo take tikhale pamwamba penipeni pa mzere wa mahinjesi, apo ayi kachitseko kadzapita kwambiri mbali imodzi.

Musanamange mkono pa servo, yatsani rimoti, ikani matrimu onse (timabatani ta m'mbali mwa tindodo ta rimoti) pakati, lumikizani servo kuti iime pakati pake, kenaka lowetsani mkono mopingasa ndi kamtengo. Musaiwale kasikuluu ka pamwamba. Waya alowe kabowo kam'kati pa mkono wa servo, koma kabowo kakunja pa kanyanga. Mukatero servo imapeza mphamvu zambiri ndipo kachitseko kamayenda pang'ono, zomwe ndi zimene wophunzira akufuna. Pa ulendo woyamba elevator ingoyenda mamilimita 8 mpaka 10 m'mwamba ndi pansi. Servo yooneka yofooka kawirikawiri imakhala yolumikizidwa m'mabowo olakwika, kapena ikulimbana ndi mahinjesi ouma. Chotsani waya, gwedezani kachitseko ndi chala: kayenera kugwa kokha ndi kulemera kwake. Servo ya analog ikamang'ung'udza kandodo kali pakati, pali pena pakugwira. Pafunefuneni mpaka mupapeze, chifukwa kung'ung'udzako kukudya batire ndi kutenthetsa kamota.

Pomata, yambani mwakulunga servo ndi tepi ya pepala, guluu agwire tepiyo. Tsiku lofuna kuisamutsira ku kandege kena mudzangodula tepi.

Magetsi a maservo

Maservo amadya kuchokera ku kachigawo ka m'kati mwa ESC kotchedwa BEC, kamene kamatsitsa magetsi a batire kufika mavolti 5. Ma ESC ambiri otsika mtengo a 30A ali ndi BEC ya maampu 2, ya mtundu wolembedwa linear, imene imataya mavolti otsalawo ngati kutentha. Batire ya 3S yodzaza ndi mavolti 12.6, ndiye oposa 7 akusanduka moto. Kaservo ka 9g kakakanirira kamakoka theka la ampu kapena kuposa. MG996R imodzi yokha ikakanirira imafika maampu 2.5. BEC ikatopa magetsi amatsika, risiva imazima kwa kamphindi, ndipo kandege kamasiya kumva. Ambiri akagwetsa motere amada rimoti.

Maservo awiri kapena atatu a 9g, BEC ya mu ESC imakwana. Anayi pa 3S kunja kukutentha, ndi m'mphepete mwa dzenje. Yesani: gwedezani tindodo tonse nthawi imodzi kwa mphindi yathunthu, mnzanu akutsekereza tizitseko ndi chala mopepuka. Yang'anani kanyali ka risiva, khudzani ESC. Kanyali kakaphethira kapena ESC ikatentha yosagwirika, ikani UBEC, yomwe ndi BEC yapadera yoima payokha, ya maampu 3. Imalemera pafupifupi magalamu 10, ndipo amenewa ndi magalamu amene sindiwadandaula. Mukaiika, solani waya wofiira pa pulagi ya ESC yopita ku risiva n'kumukulunga ndi tepi, kuti ziwirizi zisalimbane. Pochita zonsezi patebulo, pulopela ikhale yochotsa.

Kumene magalamu amabisala

Guluu wotentha ndiye mbala yaikulu. Ndodo imodzi yonenepa, ya mamilimita 11 ndi masentimita 20, ndi magalamu pafupifupi 20, ndipo munthu amamaliza zisanu osazindikira. Werengani ndodo musanayambe. Pakani kamzere kopyapyala, kanikizani, palani wotuluka m'mbali asanaume. Kumchira samalani koposa. Guluu ameneyunso amafewa kandege kakasiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa, choncho pa mahinjesi ndi tinyanga yang'ananiponi nthawi iliyonse musanauluke.

Tepi ya makatoni imalimbitsa fomu, koma mzere umodzi ndi wokwanira, osasanjikiza. Penti isiyeni. Mizere iwiri ya tepi yamtundu pansi pa phiko imakuthandizani kuona kumene kandege kaloza, basi.

Matayala ndi miyendo yake amadya magalamu 60 mpaka 100, ndipo pa mabwalo athu a zitsa za udzu ndi mapazi a ng'ombe amangogubuduza kandege. Ponyani ndi dzanja, terani ndi mimba paudzu.

Batire yokha ndiyo kulemera kumene kumagwira ntchito. Ngati kandege kakufuna magalamu kumphuno, sunthirani batire kutsogolo mpaka pothera. Zikakanika, bwererani kumchira mukachotse guluu ndi tepi, kapena talikitsani mphuno ndi masentimita 3 kapena 4. Bawuti kapena mtovu zibwere pamapeto pa zonse, ndipo ziikidwe kunsonga kwenikweni kuti zifunike zochepa. Ngati m'malo mwake mphuno ndiyo yalemera, mwachita mwayi: batire ya 1300 mAh imapepuka ndi magalamu 60 kapena 70.

Kuimika kandege pa zala

Pa phiko lowongoka, lofanana m'lifupi kuyambira pakati mpaka kunsonga, CG imakhala pakati pa 25 ndi 30 pa 100 ya m'lifupimo, kuyeza kuchokera kutsogolo. Pa phiko lathu la masentimita 20, ndiye masentimita 5 mpaka 6. Chongani timadontho pansi pa phiko mbali zonse ziwiri za thupi. Ikani batire ndi pulopela monga pouluka, kwezani kandege ndi nsonga za zala pa timadonthoto, m'nyumba mopanda mphepo. Kaime mowongoka kapena mphuno iweramire pansi pang'ono. Mchira ukagwa, kasatuluke pakhomo. Kolemera kumphuno kamatera mothamanga koma kamamva. Kolemera kumchira kamadzutsa mutu kokha, kamataya liwiro, ndipo mukangokhudza kandodo kamalumpha mopitirira.

Yesaninso m'mbali. Wina agwire nsonga ya mota, wina pansi pa mchira. Phiko limene likugwa nthawi zonse ndilo lolemera, ndipo kachidutswa ka tepi kapena kamsomali kunsonga ya linzakelo kamakonza. Mukamaliza, jambulani mzere pamene batire yathera, n'kuimanga ndi velikoro komanso kamphira ka chubu. Batire ya magalamu 180 ikasunthira kumbuyo masentimita 4 m'mwamba, CG imasuntha pafupifupi sentimita yathunthu, ndipo pa phiko ili malire onse ndi sentimita imodzi.

Pabwalo

Pitani m'mawa isanakwane 8 koloko. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umalimba dzuwa likakwera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala masana kumadzuka akamvuluvulu. Pemphani kaye kwa ahedi kapena amfumu, talikirani bwalo la ndege, mawaya a magetsi ndi msewu. Ana adzabwera ndithu, ndipo ndi bwino abwere, koma aimitseni kumbuyo kwanu ndipo muwauze kuti pulopela imadula.

Yatsani rimoti poyamba, batire ya kandege pambuyo. Imani kumbuyo kwa kandege. Mukakokera kandodo kwa inu, elevator ikwere. Mukakankhira rudder kumanja, ipite kumanja. Mukapendekera kumanja, aileron yakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Nenani mokweza pochita zimenezi, tsiku lililonse, ngakhale munaulutsa dzulo. Kenaka kanikizani kachitseko kalikonse ndi chala servo itagwira: kasagwedere, kamtengo kasapinde.

Musanapatse moto, kaponyeni kaye mota ili chozima, pa udzu wautali wa kudambo, molunjika kumene mphepo ikuchokera, mphuno itawerama pang'ono. Koyezedwa bwino kamatsetsereka mowongoka mamita angapo n'kukhala pansi mofewa. Kakadzutsa mutu n'kugwa, sunthirani batire kutsogolo theka la sentimita. Kakalunjika pansi ngakhale elevator ili pakati, bwezerani kumbuyo pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi pa kuponya kulikonse.

Mukabwerera kunyumba pukutani fumbi pa maservo ndi kaburashi, chifukwa fumbi la chilimwe likalowa m'kati ndi limene limayambitsa kunjenjemera. Mukakonza pothyoka, kwezaninso kandege pa sikelo ndi pa zala, popeza kukonza kulikonse kumasiya guluu. Kamene ndikuulutsa panopa ndinakalemba 740 pansi pa phiko tsiku loyamba. Takakonza katatu, ndipo mwana wa achemwali uja, amene tsopano ndiye amasunga kope, walemba 795. Tagwirizana kuti kakafika 850 tidula thupi latsopano, tidule tepi ya pepala ija, n'kusamutsira maservo omwewo.